Pachifuwa ndi M'chifuwa: Ndemanga pa Kamasuliridwe ka Mayina a Ziwalo Zopumira

Womasulira nkhani za umoyo akakumana ndi mawu a Chingerezi akuti "thoracic cavity", chimene chimayamba kumufikira m'maganizo ndicho kufunafuna dzina lolingana ndi "cavity". Motero amatha kulemba kuti "mphako ya chifuwa" kapena "bowo la chifuwa". Ife tikuti njira imeneyi njolakwika pa zifukwa ziwiri.

Choyamba nchokhudza thupi lenilenilo. Mphako ndi malo opanda kanthu, monga ya mumtengo momwe njuchi zimamangamo zisa. Koma mkati mwa nthiti 24 za munthu mulibe malo ongokhala. Muli mapapo awiri, lakumanja la zigawo zitatu ndi lakumanzere la zigawo ziwiri, ndipo pakati pawo pali mtima, mitsempha ikuluikulu, njira ya mpweya ndi njira ya chakudya. Mpweya ukalowa pakati pa papo ndi khoma la nthiti, papolo limafota, ndipo apo mpamene pamakhaladi mphako, yomwe ndi ngozi yofuna chipatala msanga. Wophunzira amene waloweza kuti chifuwa chili ndi mphako sangaone kusiyana kwa thupi labwino ndi lovulala.

Chachiwiri nchokhudza malamulo a chiyankhulo. Chichewa, monga ziyankhulo zambiri za Chibantu, chili ndi magulu a mayina osonyeza malo, a nambala 16, 17 ndi 18, ndiwo pa, ku ndi mu. Bresnan ndi Kanerva anaonetsa mu 1989 kuti mayina otere amatha kukhala mwininkhani m'chiganizo, mneni nkugwirizana nawo. Wodwala akanena kuti "pachifuwa pakupweteka" akuloza kunja, pakhungu kapena panthiti. Akati "m'chifuwa mukupweteka" akuloza mkati. Chomwe Chingerezi chimanena ndi dzina lapadera, Chichewa chimanena ndi mphatikiri mmodzi. Chimodzimodzinso pamimba ndi m'mimba, pamutu ndi m'mutu.

Sitikunena kuti mphatikiriyu athetsa mavuto onse. Iye amasonyeza mkati, koma sasonyeza malire. Mnofu wopyapyala wolekanitsa m'chifuwa ndi m'mimba, umene umatsika tikamakoka mpweya, ukufunika dzina limodzi logwirizanapo. Kholingo ndi mmero nazonso zimasakanizidwa pakuyankhula, pamene m'buku la sayansi njira ya mpweya, yomwe ili kutsogolo, iyenera kusiyanitsidwa ndi ya chakudya, yomwe ili kumbuyo kwake. Poti mmero ndi dzina lochokera ku tsinde lakale la Chibantu lotanthauza kumeza, tikupempha kuti lisungidwire njira ya chakudya, kholingo likhale la mpweya.

Tsono ntchito ya opanga mawu atsopano ilunjike pamene chiyankhulo chili chete. Pamene odwala ndi anamwino akumvana kale ndi pa ndi mu, womasulira angotsata mayankhulidwe awo.