Phwando pa ajenda: zimene Frazier anaona ndi zimene anazidumpha

Sabata ino ndabwera ndi mabuku awiri a ku America, ndi funso limodzi limene onse awiri amalikhudza: kodi magule, madyerero ndi mapwando ali ndi malo m'khonsolo ya amayi amene anamaliza kale maphunziro awo a pa yunivesite? Kapena zimenezo n'kungotaya nthawi ndi ndalama basi?

Poyamba ndikufotokozereni za magulu amene tikuwanenawa. Ku America atsikana a pa yunivesite amalowa m'magulu a ubale otchedwa sorority, omwe mayina awo ndi zilembo za Chigiriki. Kwa amayi akuda kumeneko, umembala sutha tsiku lolandira digiri. Mayi amasonkhabe ndalama chaka ndi chaka, ndipo amalowa nthambi ya omaliza maphunziro ya mumzinda umene akukhala. Magulu akuluakulu a amayi akuda alipo anayi. Alpha Kappa Alpha inayamba mu 1908, Delta Sigma Theta mu 1913, Zeta Phi Beta mu 1920, onsewa pa Howard University ku Washington, ndipo Sigma Gamma Rho inayamba mu 1922 pa Butler University ku Indianapolis. Mu 1930 kunabadwa National Pan-Hellenic Council, imene lero ili ndi magulu asanu ndi anayi, a amayi anayi ndi a abambo asanu. M'mizinda yambiri nthambi za omaliza maphunziro zimakumana m'khonsolo imodzi. Inu okonda zolembalemba, dziwani kuti Toni Morrison anali wa Alpha Kappa Alpha, pomwe Zora Neale Hurston anali wa Zeta Phi Beta.

Buku loyamba ndi Black Bourgeoisie la E. Franklin Frazier, mphunzitsi wa pa Howard yemweyo. Linatuluka m'Chifalansa mu 1955, kenako m'Chingerezi mu 1957. Frazier sanawanyengerere anthu akuda ophunzira ndi opezako bwino. Iye anati amathera ndalama pa zovala, misonkhano yapamwamba ndi mapwando pofuna kudziona ngati anthu apamwamba, pomwe dziko lenileni linkawatsekera zitseko. Magulu a zilembo za Chigiriki anali m'gulu la zimene anazidzudzula. Ukamaliwerenga umamva ukali wa munthu amene ankakhala pakati pa anthu omwewo ndipo ankawadziwa bwino.

Buku lachiwiri ndi In Search of Sisterhood la Paula Giddings, la mu 1988, lomwe ndi mbiri ya Delta Sigma Theta. Giddings akusonyeza kuti mkangano umenewu unalipo kuyambira pachiyambi penipeni. Atsikana 22 amene anayambitsa Delta anachoka mu Alpha Kappa Alpha chifukwa ankafuna gulu lotanganidwa kwambiri ndi nkhani za dziko. Pasanathe miyezi iwiri, pa 3 March 1913, anayenda nawo pa chionetsero cha amayi ofuna ufulu wovota mu Pennsylvania Avenue ku Washington.

Tsono apa mungaganize kuti Giddings akugwirizana ndi Frazier, eti? Ayi ndithu. Mbiri ya magulu amenewa ikusonyeza kuti chisangalalo ndi ntchito zinkadya m'mbale imodzi. Nthambi ya Delta ya ku Boston inayambitsa Jabberwock mu 1925, chionetsero cha nyimbo ndi timasewero, ndipo ndalama za matikiti zinkalipirira atsikana sukulu. Mu 1937 Delta inayamba ntchito yofikitsa mabuku kumadera akumwera, kumene malaibulale ambiri sankalola anthu akuda. Alpha Kappa Alpha nayo inatumiza Dr Dorothy Ferebee ndi anzake ku Mississippi kuyambira mu 1935. Eni minda ya thonje atakaniza antchito awo kupita ku zipatala zimene amayiwa anakonza, iwo anatenga magalimoto awo n'kukawapeza konko m'minda, kubaya ana katemera wa nthomba ndi diphtheria. Ntchito ngati imeneyo siitheka ndi anthu osadziwana. Imafuna amayi amene anadyera limodzi, kusekera limodzi, ndipo wina akapempha ndalama anzake samukayikira.

Pamenepa ndi pomwe ndikusiyana ndi Frazier. Iye anaona madiresi a pa gule, koma sanafunse mokwanira kuti ndalama za pakhomo zinkapita kuti. Komanso tisaiwale kuti m'nthawi ya malamulo a tsankho, mahotela ndi maholo ambiri anali otsekedwa kwa anthu akuda. Mayi amene masana anakanizidwa mpando m'lesitilanti, madzulo akalowa m'holo ya anzake n'kulandiridwa ndi dzina lake komanso ulemu wake, ameneyo sakusewera ayi. Akubwezeretsa zimene anamulanda masana.

Koma musandimve ngati ndikuti Frazier analakwitsa zonse. Pali phwando limene limadyetsa ntchito, palinso lina limene limadya ntchitoyo. Msonkhano wa khonsolo ukatha maola awiri pa mtundu wa nsalu za patebulo, n'kupatsa mphindi khumi nkhani ya atsikana osowa fizi, Frazier wapambana mlandu. Tikiti ikakwera mtengo mpaka mtsikana amene wangomaliza kumene sukulu, amene akubweza ngongole ya maphunziro, n'kulephera kubwera, phwandolo lasanduka mpanda. Ndiye pali funso lina: nthambi iliyonse ili kale ndi zisangalalo zake, nanga khonsolo ilowererenso chifukwa chiyani?

Yankho langa lili pa chimene khonsolo ili. Imasonkhanitsa amayi a magulu amene akhala akupikisana kuyambira ali pasukulu, aliyense ndi mitundu yake ya zovala, ena pinki ndi yobiriwira, ena yofiira, ena yabuluu. Pa msonkhano wa ajenda aliyense amayankhulira gulu lake. Pa tebulo la chakudya m'pamene wa pinki ndi wa yofiira amayamba kuitanana ndi mayina. Mukachotsa zimenezo, khonsolo imangotsala kalendala yoonetsetsa kuti masiku a zochitika asawombane.

Choncho phwando likhalepo, koma liziyankha mafunso atatu pa msonkhano wotsatira. Ndalama zinalowa zingati ndipo zapita kuti? Ndani sanabwere chifukwa cha mtengo? Ndi ntchito iti imene yatheka chifukwa amayi amenewa anakumana? Msungichuma akayankha mosachita chibwibwi, gule apitirire.

Ngati mungapeze buku limodzi lokha, yambani ndi la Giddings. Mukadzafika pa la Frazier mudzakhala mukudziwa kale mayina a amayi amene iye anawaona akuvina.