Kudziŵa Choipa: Ndemanga pa Nkhani ya Fred Cohen

Mu Novembala 1983 Fred Cohen, wophunzira pa University of Southern California, adasonyeza pulogalamu ya kompyuta imene imadzilemba yokha m'mapulogalamu ena, ndipo mphunzitsi wake Leonard Adleman adaitcha vairasi. Akuluakulu oyang'anira makinawo ataona mphamvu yake, adaletsa kuti ntchitoyo ipitirire. M'nkhani yake ya 1984, "Computer Viruses: Theory and Experiments", Cohen akudandaula za chiletsocho, natsimikizanso kuti palibe pulogalamu yokhoza kuzindikira mavairasi onse mosaphonya.

Pa chidandaulocho tivomerezana naye. Ife amene tikonzekera kulapitsa anthu tiphunzira machimo mwatsatanetsatane, pakuti sing'anga wosadziŵa nthenda sangachize wodwala. Thomas Aquinas naye amayamba ndi mfundo za otsutsa asanapereke yankho lake. Chiletso chija chidamanga manja a ofufuza okha. Anthu ena sadaleke, ndipo mu 1986 vairasi ya Brain idatuluka ku Lahore.

Koma pamene Cohen afotokoza za vairasi yothandiza, yochepetsa malo amene mapulogalamu amatenga, tisiyana naye. Nkhaniyo siifunsa mokwanira za udindo wa mwini chinthu chodzibala chokha. Wotentha tchire sangauze moto polekezera. Mu 1988 pulogalamu ya Robert Morris idafooketsa makompyuta zikwizikwi, ngakhale iye adati sadafune kuwononga.

Tsono choipa chiphunziridwe, koma m'malo otchingidwa, ndiponso ndi anthu okonzeka kuyankha mlandu wa zotsatira zake. Cholinga chabwino pachokha sichimasula munthu ku udindowo.