Za Agaru a m'Zithunzi za Malonda

Ku Mangalande amalonda adazindikira kale kuti munthu sacedwa kumasula cikwama cace akaona kamwana ka garu. Kuyambira caka ca 1972 eni ace a mapepala a kucimbudzi ochedwa Andrex akhala akuonetsa pa wailesi ya kanema kamwana ka garu wa mtundu wa Labrador, kalikuthamanga m'nyumba pepala liri kukamwa. Ndipo utoto wa Dulux uli naye garu wace wa ubweya wambiri kuyambira 1961. Zithunzi zimenezi nzopangidwa mwaluso, sitikana ai. Koma pali mlandu umene tifuna tiuunike pamodzi, abale.

Ambiri akamva za agaru ophunzitsidwa aganiza za cikoti. Ife mantha athu sali pamenepo kwenikweni. Mphunzitsi wodziwa nchito yace aphunzitsa ndi tizidutswa ta nyama, pakuti garu womenyedwa afunyata mcira, ndipo mcira wofunyata sugulitsa kanthu. Oyang'aniranso alipo: ku America bungwe la American Humane linayamba kuyang'anira nyama za m'kanema caka ca 1940, kavalo atafa pojambula kanema wa Jesse James wa 1939.

Cimene woyang'anira sangathe kuciletsa ndico kusankha kwa garuyo. Amalonda ambiri akonda agaru a nkhope yaphwathalala, monga pug, bulldog ndi French bulldog, cifukwa maso ao akuru ndi mphuno yaifupi zikumbutsa munthu nkhope ya khanda. Agaru amenewa anthu adawaswetsa dala kufikira mafupa a kumphuno adafupika, koma mnofu wa m'kati sunacepe ai. Tsono ziboo za mphuno nzothina, ndipo mnofu wa kukhosi utsekereza njira ya mpweya. Inu amene munapitako ku uzimba mudziwa kuti garu satuluka thukuta monga ife. Adziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, lilime liri kunja. Tsono taganizani garu wotere pansi pa nyali zotentha, alikubwereza kuthamanga kambirimbiri kufikira wojambula atakhutira. Ayasama kufuna mpweya, ndipo oonerera ati, Taonani, alikuseka! Mkonono wace, umene amalonda auyesa nthabwala, ndiko kubanika kumene. Apa ndipo tinena kuti cithunzi cotere cinama, ngakhale palibe anakweza dzanja kumenya garuyo.

Ndipo bodzalo silithera m'cipinda cojambulira. Woona akhumba, wokhumba agula, ndipo oswetsa agaru acurukitsa cimene cigulidwa. Caka ca 2018 French bulldog anaposa Labrador pa ciwerengero ca agaru olembetsedwa ku Kennel Club ya ku Britain. Sitinena kuti malonda okha ndiwo anacita ici, pakuti anthu ochuka naonso anali kuonekera atafukata agaru omwewo. Koma wamalonda sangasambe m'manja. Agaru akazi ambiri a mtundu wa bulldog sakhoza kuswa okha, popeza mitu ya ana icita kukula, ndipo dokotala ayenera kung'amba mimba. Za ici cithunzi ciri cete.

Caka comweco ca 2018 madokotala a nyama a British Veterinary Association anayamba mfuu yao yochedwa Breed to Breathe, kupempha amalonda kuti aleke kuonetsa agaru otere. Ena anamvera. Amene sanamvere angayankhe kuti garu wao anasamalidwa bwino tsiku lojambula, ndipo kapena nzoona. Koma madokotala sanali kufunsa za tsiku limodzi lija, anali kufunsa za ana a agaru amene adzabadwa cifukwa ca cithunzico. Boma la Netherlands linapitirira pa kupempha: caka ca 2019 linayamba kugwiritsa lamulo lakuti garu amene mphuno yace sifika limodzi la magawo atatu a utali wa mutu wace asaswetsedwe.