"Mwamwayi" Kapena "Pochita Maere"?

Kafukufuku wa MaiMwana m'boma la Mchinji, yemwe zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2013, adagaŵa midzi m'madera 48. Madera ena adalandira magulu a amayi, ena alangizi a kayamwitsidwe, ena zonse ziŵiri, pomwe ena sadalandire chilichonse mwa ziŵirizi. Kugaŵa kotere pa Chingerezi amati randomisation, ndipo omasulira ena amalemba kuti "kusankha mwamwayi" kapena "mwachisawawa".

Mawu onse aŵiriŵa ngosokeretsa. Mayi wa pa Kamwendo akamva za mwayi amaganiza kuti wosankhidwayo wapata phindu, chonsecho ofufuza akufuna kudziŵa ngati phindulo lilipodi. Nacho chisawawa chimatanthauza kusasamala. Ndani angapereke mwana wake kwa madokotala osasamala?

Liwu loyenera tili nalo kale: maere. Pochita maere palibe kukondera, ndipo aliyense amadziŵa kuti dokotala sadasankhe mwa kufuna kwake. Tsono akonzi ndi omasulira makalata opempha chilolezo azilemba kuti "kugaŵa pochita maere". Munthu akasayina chimene sadamvetse, ndiye kuti sadavomere.