Darcy Alipo, Nanga Longbourn Ili Kuti?

Buku la Jane Austen lotchedwa Pride and Prejudice lidatuluka mu 1813, ndipo mpaka lero alembi akuilukanso nkhani yake m'njira zawo. Awerengi ambiri amayeza mabuku atsopanowa ndi funso limodzi: kodi Darcy wake ndi wotenga mtima? Muyeso umenewu ndi woperewera.

M'buku la Austen, kuseri kwa chikondi kuli mantha. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, ndipo akadzamwalira, nyumba yawo ya Longbourn idzagwa m'manja mwa wachibale wawo, Collins. Choncho Elizabeth pokana kukwatiwa ndi Collins akuika pachiswe pogona pa amayi ake ndi abale ake. Mnzake Charlotte Lucas, wa zaka 27, akumulola mwamuna yemweyo poopa kukalambira pakhomo pa makolo. Mlembi akachotsa mantha amenewa, chimatsala ndi kunyadizana kwa anthu awiri okongola basi.

Uzma Jalaluddin, m'buku lake la mu 2018 lotchedwa Ayesha at Last, adapeza choika m'malo mwa Longbourn. Nkhaniyi ikuchitikira pakati pa Asilamu a ku Toronto. Khalid akuweruzidwa kuntchito chifukwa cha ndevu ndi mkanjo wake, ndipo ntchitoyo ikhoza kumuthera. Ayesha akuphunzitsa kusukulu kuti abweze ngongole kwa wachibale wolemera, pomwe mtima wake uli pa ndakatulo. Kumapeto ziwembu zikuchuluka mopitirira, komabe aliyense mwa awiriwa ali ndi choti angataye.

Mukatenga buku lotere, funsani kaye: mtsikanayu akakana, ataya chiyani?