Ana a ku Hailsham Sathaŵa

Buku la Kazuo Ishiguro lochedwa Never Let Me Go linatuluka mu 2005, patapita zaka 9 kucokela pamene nkhosa Dolly inabadwa ku Roslin Institute ku Scotland. Dolly analibe tate. Asayansi anatenga selo kubele la nkhosa ina n'kupanga inzake yofanana nayo. Cloning ni imeneyo. Ishiguro afunsa kuti, nanga akayamba kupanga anthu?

Wosimba nkhani ni Kathy, wa zaka 31, amene anakulila pa sukulu ya boding'i ya Hailsham ku England pamodzi na Ruth na Tommy. Ana apa alibe makolo. Anapangidwa kuti akakula azicotsedwa ziwalo zopatsa odwala, opaleshoni pambuyo pa opaleshoni, mpaka afe.

Mukaliŵelenga mudzakwiya, niziŵa. N'cifukwa ciani sathaŵa? Akakula ayendetsa motoka, palibe wowamanga unyolo. Kwa ine, mphamvu ya bukuli ili pamenepa. Mwana amene wauzidwa kucokela ali wamng'ono kuti anabadwila nchito imodzi safunika mpanda. Kathy anyadila ngakhale luso lake losamalila anzake amene ali pafupi kufa. Ine monga mphunzitsi cinaniwawa kwambili n'cakuti amene awazoloŵeza zimenezi ni aphunzitsi, ndipo ambili a iwo ni okoma mtima.

Pamene bukuli lifooka ni ca kumapeto. Miss Emily, amene anali hedi, akamba nthawi yaitali kufotokoza kuti zojambula za ana zinali kusonkhanitsidwa pofuna kuonetsa dziko kuti nawonso ali na mzimu. Ise oŵelenga tinaziona kale zimenezo mu nsanje ya Ruth na ukali wa Tommy. Ndiponso ndani anakayikilapo kuti mapasa ofanana ni anthu aŵili? Munthu wa cloning ni phasa cabe lobadwa mocedwa.

Conco sinikayikila umunthu wa mwana wotelo. Nikayikila colinga ca womupanga. Ena amati cloning ingatonthoze makolo amene mwana wawo anamwalila. Koma wobadwayo adzakula na nkhope ya malemu, ndipo tsiku lililonse adzapimidwa na munthu amene sanamuonepo. Kwathu timapatsa mwana dzina la ambuye ake, koma nkhope na njila yake zimakhala zake. Palinso cina cimene Ishiguro sanakhudze: pa mazila 277 amene anayesa ku Roslin, panabadwa Dolly yekha. Kodi ni azimayi a kuti amene adzapeleka mazila na mimba zawo poyesa zotelo pa anthu? Nikhulupilila kuti sadzakhala olemela.

Cizungu ca bukuli n'cosavuta, wa Giledi 11 angalikwanitse. Filimu yake ya 2010 iliko, koma yambani na buku, cifukwa mau odekha a Kathy ndiwo oopsa kuposa zipatala zonse za mufilimu.