Za Tizidutswa ta Matikiti ndi Mpira wa Usiku

Abale, inu amene munatsikirako ku Karonga kukapenyerera Chitipa United, mukadziwa kapepala kaja amakang'amba pacipata. Cidutswa cotsala m'dzanja ticitaya pomwepo, ena akulungamo fodya. Koma ku America alipo anthu amene asunga tizidutswa totere m'magalasi, nagulitsana pa mtengo woopsa. Tifuna kuyesa mwambo umenewu, tione ngati uweruza molungama.

Kumeneko ali ndi masewera dzina lace baseball, omenya kampira kolimba ndi cibonga. Kale anali kusewera usana wokha. Pofika zaka za umphawi waukuru, zoyambira mu 1929, openyerera anacepa, pakuti amene anali ndi nchito sakadaisiya dzuwa liri pamutu, monganso ife sitiponya khasu nthawi ya kupalira cifukwa ca mpira. Tsono pa 24 May 1935, ku Cincinnati, anayatsa nyali za magetsi pa bwalo la Crosley Field. Purezidenti Franklin Roosevelt anadinda kabatani ali ku Washington. Anthu 20,422 anaona a Cincinnati Reds alikupambana a Philadelphia Phillies, 2 kwa 1. Osunga matikiti acifunitsa cidutswa ca usiku umenewo, ndipo ambiri ati ndico ciyambi ca baseball ya usiku.

Apa ndipo titsutsana nao. Usikuwo unali woyamba m'magulu akuru okha, amene masiku aja sanali kulola munthu wakuda. A Kansas City Monarchs, gulu la osewera akuda, anayamba mu 1930 kuyenda mudzi ndi mudzi atasenza nyali ndi injini yace pa malole. Pofika anali kuimika mitengo ya nyalizo, potha masewera nazulanso. Zaka zisanu zathunthu! Magulu a m'midzi yaing'ono anayatsanso nyali caka comweco. Koma mtengo wa kapepala ulondola mbiri ya bwalo ndi cuma ca eni ace, wosasamala amene anayamba kulambula njira.

Tibvomereza kuti nthawi zina ogulawo alasa pa coona. Cidutswa ca pa 15 April 1947, tsiku limene Jackie Robinson, munthu wakuda, anayamba kusewera ndi a Brooklyn Dodgers, cinagulidwa madola 480,000 mu 2022. Tikondwera nako. Koma Robinson yemweyo anasewera ndi a Monarchs mu 1945. Ndalama zonse zija analipira tsiku limene azungu anamtsegulira cipata, si caka cimene anali pakati pa anzace iai.